Kudzala kakitasi wolendewera: bala liyambe lauma

Anzanga a Fomu 1 ndi Fomu 2, pa phunziro la Agriculture tonse tinalemba m'makope kuti pali mbewu zina zimene sizilira njere pozichulukitsa. Chinangwa timadula mtengo n'kuzika, mbatata timadzala nthambi zake zoyanga, nzimbe timakwirira mfundo, nthochi timazula mwana pambali pa make. Zimenezi sitinavutike n'kuloweza poti tinakulira momwemo. Koma pali chomera china chimene chimadzalidwanso ndi chidutswa cha tsinde, kungoti malamulo ake ndi otembenuza. Dzina lake ndi kakitasi, makamaka mtundu uja umalendewera kapena kuyanga. Mukamutenga ngati mbatata, kudula m'mawa, kudzala masana, kuthirira madzulo, pakutha pa sabata mudzapeza wafewa ngati nthochi yowola. Iyeyu amafuna kuti mukadula mumusiye kaye, bala liume, kenako mudzale m'dothi louma, ndipo madzi muyambe mwamumana.

Ine zimenezi ndinaphunzira kwa amalume anga amene amasamala maluwa pa nyumba ina ku Area 10 mu mzinda wa Lilongwe. Pa holide ndimapita kukawathandiza. Zina ndafunsa kwa anthu ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni, zina ndawerenga, ndipo zidutswa zimene ndinabwera nazo kumudzi zili pa khonde pathu, zikukula. Ndiye musati ndi nkhani ya m'maluwa, ngakhale kuti ndi ya maluwadi.

Tiyambe tasiyanitsa ndi nkhadze

Ambiri tikaona chomera chobiriwira chopanda masamba timangoti kakitasi. Nkhadze ija timatchingira mpanda si kakitasi ayi. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi. Nkhadze mukaithyola imatulutsa utomoni woyera ngati mkaka, ndipo tonse tikudziwa zimene umachita ukalowa m'maso. Mitundu ya kakitasi imene ndikukamba pano ilibe mkaka umenewu, imangotulutsa madzi oterera pang'ono. Chinanso, pa thupi la kakitasi pali timaso ting'onoting'ono, tina tokhala ndi ubweya. Pa timaso timeneti ndi pamene pamatuluka minga, maluwa ndi nthambi zatsopano. Nkhadze ilibe timaso totere. Gwirani mfundo imeneyi chifukwa chidutswa chopanda timaso tamoyo sichingaphuke.

Kwawo kwa kakitasi ndi ku America, kuyambira ku Canada mpaka kumusi kwa Argentina ndi Chile. Mtundu umodzi wokha, wotchedwa Rhipsalis baccifera, ndi umene umapezekanso wodzimerera m'nkhalango za kuno ku Africa, ku Madagascar ndi ku Sri Lanka. Umalendewera m'mitengo ngati zingwe zobiriwira, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti mbalame ndi zimene zinaolotsa njere zake pa nyanja kalekale. Ine zimenezi zinandisangalatsa, kuti pa banja lonse lija mmodzi yekha ndiye wachibale wathu, ndipo ndi wolendewera yemwe.

Mukatsika minibasi ku depoti ku Old Town, n'kuoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kulowera ku City Centre, muzitaya maso m'mbali mwa msewu. Pali anthu amene anayala maluwa awo m'machubu ndi m'miphika ya simenti, makamaka malo oyandikana ndi madzi. Makasitomala awo ambiri ndi a ku Area 10, Area 12, Area 43, Area 47 ndi Area 3, kumene nyumba zili ndi mabwalo aakulu ndi makonde aatali, komanso maofesi ndi malo ogona alendo. Anthu amenewa amakonda zomera zopachika m'mwamba chifukwa sizidya malo, ndipo kakitasi samwa madzi ambiri. Musaiwale kuti m'tauni madzi a pa mpopi ndi a bilu.

Ya mtundu wolendewera imene ndaiona ndi maso anga ilipo inayi. Woyamba ndi Rhipsalis uja. Wachiwiri ndi umene Azungu anaupatsa dzina lotanthauza mchira wa khoswe. Kwawo ndi ku Mexico, tsinde lake ndi lobulungira, la timinga tofewa, ndipo amachita maluwa ofiirira. Wachitatu ndi Christmas cactus wa ku mapiri a ku Brazil, wa tsinde la timfundo taphwatalala tolumikizana ngati unyolo. Dzinalo lisakupusitseni. Ku Ulaya amachita maluwa nthawi ya Khirisimasi chifukwa kumeneko ndi nyengo yozizira ya masiku aafupi, koma kuno kwathu maluwa ake amabwera cha m'ma Meyi ndi Juni, ndipo ku Brazil komweko amamutcha duwa la mu Meyi. Wachinayi ndi dragon fruit, wochokera ku Mexico ndi ku Central America, amene masiku ano amalimidwa kwambiri ku Vietnam. Ameneyu ndiye ndimamukonda kuposa onse, pa chifukwa chimene mwana aliyense wa kumudzi angamvetse: amadyedwa. Tsinde lake lili ndi mbali zitatu, chipatso chake ndi chofiira kunja, mkati choyera kapena chofiira, chokhala ndi tinjere takuda tambirimbiri ngati chitowe.

Kudula

Sankhani nthambi yokhwima, yobiriwira moderako, yolimba mukaidina ndi chala. Yanthete ija yobiriwira mowala isiyeni, ilibe chakudya chokwanira m'thupi ndipo imafota msanga. Nthambi ya mawanga achikasu kapena ofiirira ngati dzimbiri, kapena yokhala ndi tizilombo toyera ngati thonje m'makona mwake, musatenge ngakhale akupatseni ulere. Chidutswa chimatengera make chilichonse, ubwino ndi matenda omwe. Paja m'kalasi aphunzitsi anati kuipa kwa njira yosagwiritsa ntchito njere ndi komweku.

Mpeni ukhale wakuthwa ndi woyera. Amalume amapukuta wawo ndi sipiriti, koma kumudzi kuuwaula pa moto n'kuusiya uzizire kumakwanira. Mpeni wobuntha umatswanya nyama ya tsinde m'malo modula, ndipo potswanyika ndi pamene kuwola kumayambira. Dulani pa mfundo, pamene nthambi yachepa polumikizana ndi inzake, chifukwa bala la pamenepo ndi laling'ono. Dragon fruit dulani wotalika ngati rula yathu ya masentimita 30, olo kupitirira pang'ono. Wa mchira wa khoswe ndi Rhipsalis masentimita 10 mpaka 15 akwana. Christmas cactus safunanso mpeni: gwirani timfundo tiwiri kapena titatu, potokolani pang'onopang'ono, tithothoka tokha.

Pali kanthu kena kooneka kachibwana koma kamene kamagwetsa anthu ambiri. Chidutswa chimadziwa kumutu ndi kumiyendo kwake. Mizu imatuluka mbali imene inali kumusi pa make, nthambi zimatuluka mbali ya kumwamba. Tsono chomera cholendewera chimasokoneza, chifukwa nsonga yake imaloza pansi. Kumusi kwenikweni ndi mbali imene inali pafupi ndi tsinde lalikulu, osati imene inaloza dothi. Mukadula nthambi yaitali ya dragon fruit m'zidutswa zitatu n'kuziunjika, pakapita masiku simudzadziwanso uku ndi uku. Ndiye mukangodula, lembani kamuvi ndi makala kapena cholembera kuloza kumwamba. Chidutswa chodzalidwa chadodolido chimangokhala, osafa msanga, osakulanso, inu n'kumati dothi ndi loipa.

Kudikira

Apa ndiye pagona nkhani. Mukadula, ikani zidutswa zanu pa mthunzi, pouma, popita mphepo. Pa alumali, pa windo la mkati, pansi pa denga la nkhokwe, paliponse pamene mvula, dzuwa la masana ndi mbuzi sizifika. Musazikulunge m'pepala la pulasitiki, zimachita thukuta n'kumera chuku. Zazing'ono ngati Christmas cactus ndi Rhipsalis zisiyeni masiku awiri kapena atatu. Dragon fruit, poti bala lake ndi lalikulu, masiku asanu mpaka sabata yathunthu. Koma musamangowerenga masiku ngati mukudikira tsiku lotsekera sukulu. Gwirani pa bala. Pakakhala pouma gwa, potuwa, pochita ngati nkhanambo ya chilonda chimene chikupola, ndiye kuti nthawi yakwana. Pakakhala ponyowa kapena pomata chala, dikiranibe.

Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinafunsa amalume ngati zidutswazo sizifa ndi ludzu. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Mphwanga, ichi ndi chigubu cha madzi. Sichimafa ndi ludzu, chimafa ndi chifundo." Ndipo sayansi yake ikugwirizana nawo. Tsinde la kakitasi ndi nkhokwe ya madzi ndi chakudya. Masamba ake anasanduka minga kapena anatheratu, choncho tsinde lomwelo ndi limene limapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Pa Biology tinaphunzira za timabowo ta pa tsamba timene chomera chimapumira ndi kutayira madzi. Chimanga, nyemba ndi mbatata zimatsekula timabowo timeneti masana, n'chifukwa chake nthambi ya mbatata mukaisiya pa dzuwa imalefuka msangamsanga. Kakitasi amachita mosiyana: masana amatseka, usiku kukazizira ndi pamene amatsekula n'kutenga mpweya umene adzagwiritse ntchito kukacha. Motero amataya madzi ochepa kwambiri, ndipo chidutswa chopanda muzu ngakhale umodzi chikhoza kukhala milungu ingapo chili chamoyo.

Vuto lake ndi bala. Mkati mwa tsinde ndi monyowa ndi mofewa, chakudya chenicheni cha tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'dothi. Mukazika bala laliwisi m'dothi lonyowa, mwatsekulira tizilombo timeneti chitseko. Nkhanambo ija ndiyo imatseka, ndipo mizu imatulukira cha pomwepo. Anthu ena amapaka phulusa kapena fumbi la makala pa bala kuti liume msanga. Amalume amatero nthawi ya mvula yokha, nthawi zina samavutika nazo.

Za nyengo, ine ndikuona kuti kuno ku Lilongwe miyezi yabwino ndi Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumakhala kutatha, mpweya ndi wouma, bala silichedwa kupola, ndipo mvula ikamayamba cha mu Novembala kapena Disembala chomera chimakhala chitagwira kale. Mu Januwale ndi Febuluwale n'zotheka ndithu, koma pa khonde pokha, ndipo muyembekeze kuti zina ziwola. M'nyengo yozizira sizifa, kungoti zimachedwa mpaka munthu kutaya mtima.

Dothi ndi chodzaliramo

Katondo wathu wofiira uja yekha sathandiza, makande a kudambo ndiye musayese n'komwe. Onse awiri amasunga madzi nthawi yaitali ndipo akauma amalimba ngati njerwa. Chofunika ndi dothi loti mukathira madzi adutse nthawi yomweyo. Ine ndimasakaniza mbale ziwiri za mchenga wokhakhala, mbale imodzi ya manyowa owolerana bwino, ndi dzanja limodzi kapena awiri a zinyenyeswa za makala. Mchenga wa m'njira umene madzi a mvula amaunjika ndi wabwino kale, simufunika kupita kumtsinje. Manyowa akhale akale, oti sakununkhanso. Ndowe zaziwisi kapena zitosi za nkhuku za dzulodzulo zimawotcha mizu yanthete.

Koma kakitasi yense si wa m'chipululu monga timaonera pa zithunzi. Christmas cactus ndi Rhipsalis kwawo amamera pa nthambi za mitengo ndi pa miyala m'nkhalango, pamene masamba ofota amaunjikana. Amenewa muwaonjezere masamba owolerana a pansi pa mtengo, mwina theka ndi theka ndi mchenga, ndipo musawaike pa dzuwa la masana. Akapsa amafiira. Pansi pa mtengo wa mango kapena pa khonde lolandira dzuwa la m'mawa ndi pamalo pake.

Chodzaliramo musagule. Botolo la pulasitiki lodula pakati, chigubu chakale cha mafuta ophikira, chitini, mphika wadothi wong'aluka umene amayi anautaya, zonsezi zimagwira ntchito, bola muboole pansi mabowo anayi kapena asanu ndi msomali wamoto. Pansi penipeni ikani tizidutswa ta njerwa yootcha kuti mabowo asatsekeke. Chidebe chisakule kwambiri kuposa chidutswa. Dothi lambiri limasunga madzi ambiri amene kachomera kopanda mizu sikangamwe.

Pozika musachite ngati chinangwa. Dragon fruit alowe masentimita 3 mpaka 5 basi, ndipo mumuimikire kamtengo n'kumumanga momasuka ndi luzi kapena kansalu kuti asagwe. Tating'ono tija tilowe sentimita imodzi kapena awiri, kongokwanira kuti tiime. Mukazika mozama, gawo lobiriwira limene lakwiririka ndi limene limayamba kuwola. Timitundu tating'onoti dzalani tinayi kapena tisanu m'chidebe chimodzi mozungulira, kuti tikadzakula tidzagwere mbali zonse. Kamodzi kokha kamaoneka kamasiye, palibe angakagule.

Mukadzala, sabata yoyamba musathirire. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, makamaka kwa ife tinazolowera dimba. Ikatha sabata, wazani madzi pang'ono m'mbali, kenako dikirani mpaka dothi liume. Pisani chala mpaka pa mfundo yoyamba. Mukamva chinyezi, bwererani ndi madzi anuwo. Mizu imayamba kutuluka pakapita milungu iwiri mpaka inayi kukakhala kotentha. Musamazule n'kumasuzumira. Kokani pang'ono chabe. Chikakana, ndiye kuti chagwira. Chizindikiro china ndi kamphukira kofiirira kotuluka pa kaso. Chenjeraninso ndi ang'ono anu kunyumba, amene amathirira mwachikondi inu muli kusukulu. Ine wanga ndinachita kumupatsa chitini chake cha tomato kuti azithirira chimenecho.

Chidutswa chikayamba kuda ndi kufewa kumusi, sikuti zatha. Chizuleni, dulani mbali yowolayo mpaka mufike pa nyama yoyera yopanda banga, chiumitseninso masiku aja, n'kudzala m'dothi latsopano. Dothi loyambalo litayeni kutali.

Dragon fruit akagwira

Ena atatu aja ntchito yawo imathera pa kupachika chidebe ndi waya. Dragon fruit ndiye amafuna zambiri. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu m'chubu, muokereni pa malo a dzuwa, pokwera, posadikha madzi. Ngati munda wanu ndi wa katondo, umbani kachulu ngati ka mbatata n'kusakanizamo mchenga ndi manyowa. Pambali pake zikani mzati wolimba wotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. M'tauni amaumba wa simenti n'kuika tayala lakale pamwamba. Kumudzi mtengo wouma ukhoza kugwira ntchito, koma kumbukirani chiswe, ndiponso kuti chomera chimenechi chikakula chimalemera kwambiri. Mzati ukagwa, zaka zanu zagwa nawo.

Chomera chimakwera mzati pogwiritsa ntchito mizu ina yotuluka m'tsinde imene imakakamira ngati zala. Inu ntchito yanu ndi kuchotsa mphukira za m'mbali kuti tsinde limodzi lifike pamwamba. Likafika, dulani nsonga kuti lichite nthambi zambiri, zigwere pa tayala paja n'kulendewera ngati ambulera. Nthambi zolendewerazi ndi zimene zimabereka kwambiri. Mphukira zokhwima zimene mwachotsa musataye, ndi mbewu inanso imeneyo.

Duwa lake ndi lalikulu, loyera, ndipo limatsekuka usiku umodzi wokha; pofika m'mawa dzuwa litakwera limakhala litafota. Kwawo mileme ndi agulugufe a usiku ndi amene amanyamula mungu. Mitundu ina imabereka yokha, ina imafuna mungu wa chomera china, n'chifukwa chake amalume amadzuka ndi tochi usiku kukapaka mungu ndi kaburashi kuchoka pa duwa ili kupita pa linzake. Zikayenda bwino, chipatso chimapsa pakatha mwezi umodzi ndi masiku pang'ono. Chomera cha chidutswa chimayamba kubereka pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, pamene cha njere chikhoza kukudikiritsani zaka zisanu ngakhale kuposerapo. Wa Fomu 1 akadzala chaka chino akhoza kulawa asanalembe MSCE. Wa njere uja adzalawa ali ndi ndevu.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Mwina wina akuti, "Aise, ife timadya nsima, maluwa a ku Area 43 atithandiza chiyani?" Funsoli ndi labwino. Palibe amene angasiye chimanga n'kudzala kakitasi, ndipo ine sindikunena zimenezo. Koma ambiri a ife timadziwa mmene kunyumba kunkakhalira ikafika nthawi ya fizi ndi ya ndalama ya mayeso a MANEB, kapena mmene kumakhalira tayala la njinga likaphulika pakati pa teremu. Geni zambiri zimafuna mpamba. Iyi imafuna chigubu chotayidwa, mchenga, manyowa ndi kuleza mtima. Sifuna feteleza wa thumba, sifuna dimba, sifuna kujomba kusukulu, chifukwa kuthirira kamodzi pa sabata kumakwana pa Loweruka. Ogulitsa a m'mbali mwa msewu ena amagula zomera zogwira kale kwa anthu ena n'kumagulitsanso. Wina anandiuza kuti chimene amayang'ana ndi mizu ndi kudzaza kwa chidebe, chifukwa kasitomala akagula chopanda mizu n'kukamufera, sabweranso. Choncho kuzika chidutswa lero n'kukagulitsa mawa ngati chomera ndi kuba, komanso n'kudzitsekera msika.

Kuvuta kwake kulipo. Msika uli kutali ndi ife, thiransipoti ndi yodula, ndipo timfundo ta Christmas cactus timathothoka m'minibasi anthu akakupanikizani. Bola kusonkhanitsa zambiri n'kupita kamodzi pa holide, mutaziika m'katoni ndi udzu wouma m'mipata. Ngati tili angapo m'kalabu ya za ulimi, mmodzi akhoza kunyamula za onse.

Mbewu yoyambira muipeze mwaulemu. Nthambi ikalendewera kunja kwa mpanda wa munthu si yanu, ndipo ku ma Area kuja kuli alonda ndi agalu. Pemphani. Anthu osamala maluwa amadulira zomera zimenezi kawirikawiri ndipo zodulazo zimathera kudzala. Mukapereka moni bwino amakupatsani mtolo. Zotsala zanu inunso musamataye paliponse, makamaka za kakitasi wa minga uja waphwatalala, chifukwa chidutswa chilichonse chogwa pansi chimamera, ndipo akafalikira m'malo odyetsera ziweto kumuchotsa ndi ntchito yaikulu. Ziumitseni pa dzuwa n'kuzitentha, kapena zikwirireni mozama.

Amene akufuna kuyesa teremu ino, ndili ndi zidutswa 12 za dragon fruit ndi zochepa za Christmas cactus zimene ndadula Loweruka lapitali. Zikuuma pa alumali kwathu, ndipo za dragon fruit zikhala zitachita nkhanambo pofika Lachisanu. Bwerani ndi chigubu chanu choboola kale, mundipeze m'kalasi ya Fomu 2 pa nthawi ya buleki.